Mkamwini Woyeza Oyilo

Agogo anga anachoka ku Dedza kudzalima fodya m'mafamu a kuno ku Norton, makilomita 40 kumadzulo kwa Harare, ndipo anamwalira osawononga ngakhale khasu la mwini. Ine mdzukulu wawo ndinapha injini yathunthu, ndipo ndinaipha ndi sayansi.

Apongozi anga ndi kapitawo pa famu ina yolima tirigu, amene kuno amathiriridwa m'miyezi yozizira ndi madzi a mumtsinje wa Manyame. Mu Julaye anandipatsa madola kuti ndikagule oyilo wa injini ya pampu. Ndisanafike kusitolo, pafupi ndi amayi ogulitsa nsomba za m'nyanja ya Chivero, ndinakumana ndi mnyamata wa zigubu amene ankagulitsa oyilo pa theka la mtengo. Mutu unayamba kuwerengera chenji. Koma poti sindine chitsiru, ndinapempha kabotolo kamodzi kuti ndikayeze kaye.

Nzeruyo ndinaitola kwa mlamu wanga wa Fomu 6. Iye anati ukaponya kampira kachitsulo mu oyilo, kamayamba n'kuthamanga, koma oyiloyo amakakoka m'mbuyo, ndipo kakamafulumira kukokako kumakulanso. Posakhalitsa kukokako, pamodzi ndi mphamvu ya oyilo yokankhira m'mwamba, zimafanana ndi kulemera kwa kampirako, ndiye kamatsika pa liwiro limodzi mpaka pansi. Oyilo akakhala wokhuthala, liwirolo limachepa. Anati lamuloli analilemba George Stokes ku Cambridge mu 1851. Ankafuna kupitiriza, koma ine ndinali nditamva zokwanira.

Masana ndinalowa m'shedi ya malata, mmene munali kutentha, n'kuthira m'botolo oyilo weniweni wotsala m'chigubu chakale. Ndinaponyamo kampira ka m'beringi ya thalakitala. Kanangoti psiti, kali pansi. Kukavuula kunandikanika, choncho m'mamawa mwake, chisanu chili mbuu pa udzu, ndinamasula gudumu la njinga yanga n'kutenga kampira kena kakang'ono. Ndinakaponya mu oyilo wa mnyamata uja, amene anagona panja usiku wonse. Kanatsika mwaulemu ngati mkamwini wopita kukapereka moni kwa apongozi. Ndinavina ndekha. Wotchipayo ndiye wokhuthala! Ndinagula chigubu cha malita 20, chenji n'kulowa m'thumba.

Nditathiramo oyiloyo, injini inalira bwino mpaka dzuwa litakwera. Kenako inayamba kugogoda, utsi tolo, ndiye zii. Makaniko atakhetsa oyiloyo anaufikisa kumphuno n'kunena kuti ndi wakale, wotsalira m'magalimoto, wongosefa n'kusungunula ndi dizilo. Atatentha anasanduka madzi, zitsulo n'kuyamba kudyana.

Madzulo, komboni yonse ikumvetsera, mlamu anamaliza phunziro lija. Liwiro la kampira limadalira kukula kwake: kotambalala kawiri kamatsika mofulumira pafupifupi kanayi. Oyilo aliyense amakhuthala akazizidwa, n'kupyapyala akatenthedwa, n'chifukwa chake manambala a SAE, monga 50 wa pa 20W-50, amayezedwa oyilo ali pa madigiri 100, pamene 20W amanena za mmene amayendera kukazizira. Woyeza zenizeni amagwiritsa ntchito kampira kofanana, botolo lotakata, kutentha kofanana, n'kuwerenga nthawi pakati pa mizere iwiri yojambula chapakati, osati kuyambira pamwamba.

"Alamu, inu munasintha kampira, munasinthanso nyengo," anatero. "Ndiye mumayeza chiyani?"

Apongozi sanakalipe, ndipo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Anangoyang'ana kumbali n'kunena chapansipansi: "Akamwini, safunsa anadya phula. Nanga chenji chija chili kuti?"

Chenji ndinali nditadyera nsomba yokazinga. Mnyamata wa zigubu sanaonekenso pamsewu wa ku Bulawayo. Tirigu anapulumuka ndi pampu yobwereka, koma mtengo wokonzera injini akundidula pamalipiro mwezi ndi mwezi, ndipo ana a pakomboni akandiona amakuwa kuti "a Stokes akubwera!" Njinga nayonso ikuyenda mopendama, poti kampira kake kakadali m'botolo.

Abale anga a m'mafamu, gulani oyilo wosatsegula, wa chidindo, ndipo mwana wa sukulu akamafotokoza, mulekeni afike kumapeto.