Mpanda wa Adatchi ndi mbuzi za kwa aneba

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti mphepo ya kuno ku Cape Town ikufuna kundisasula ngati denga la udzu.

Uthenga wa mpanda uja ndaumva. Akuti njerwa 10,000 ndi simenti matumba 20, kuti mbuzi za kwa aneba zileke kudya chinangwa chathu. Ndisanayankhe, imvani kaye zomwe ndakaona Loweruka.

Ndinali pa holide ya tsiku limodzi, ndiye ndinati ndikaone linga lomwe amati Castle of Good Hope, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Analimanga Adatchi a kampani ya VOC kuyambira 1666 mpaka 1679, poti linga loyamba la Jan van Riebeeck linali ladothi ndi mitengo, mvula ikagwa linkagumuka ngati khitchini ya agogo. Koma ili, achimwene, ndi miyala yokhayokha. Lili ndi nsonga zisanu ngati nyenyezi, iliyonse ndi dzina lake. Ina ndi Katzenellenbogen. Ndinayesa kutchula katatu, kachinayi ndinadziluma lilime. Panja anakumba ngalande ya madzi, pamwamba mizinga ili ndandanda, pachipata pali belu lomwe anasula ku Amsterdam mu 1697.

M'katimo muli kandende kotchedwa Donker Gat. Wotiperekeza atatseka chitseko, ndinadziwa kuti mdima wa kuzima kwa magetsi kwathu kuja ndi masewera chabe. Mayi wina wachizungu anandigwira shati, nanenso ndinagwira ya mnzanga. Tikutuluka anatiuza kuti ena mwa osenza miyala ija anali akapolo, komanso kuti Cetshwayo, mfumu ya Azulu, anamusunga m'lingali itatha nkhondo ya 1879. Pamenepo nthabwala zinayamba zandithera.

Tsopano tcherani khutu. Zaka 13 akumanga, mizinga ija italoza kunyanja, mdani sanafikepo pachipata n'kamodzi komwe. Angerezi atabwera mu 1795 anadzera ku Muizenberg, kuseri kwa phiri. Mu 1806 anabweranso, ulendo uno nkhondo inakachitikira ku Blaauwberg. Kawiri konse dziko linapita, mpanda uli chiimire, wopanda ndi bala lomwe. Kenako nayo nyanja inasamuka. Kale mafunde ankafika pakhoma penipeni, koma anthu anakwirira gombe lija n'kumangapo tauni. Lero mizinga ija ikulondera mabasi ndi amayi ogulitsa malonda.

Mzinga wina womwe ukadagwira ntchito uli pa Signal Hill. Amauwomba 12 koloko masana tsiku lililonse, kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Palibe anandichenjeza. Sabata yanga yoyamba ndikuthirira maluwa kwa abwana, ndinangomva kuti phuu! Ndinapezeka ndili chafufumimba m'maluwamo, paipi ikundithira madzi kumsana, ndikutchula mayina a ana mmodzimmodzi. Adona anangoyang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana. Nkhani imeneyi isafike kwa alamu, ingamveke mpaka ku chigayo.

Ndiye za mpanda zija. Mbuzi za kwa aneba ndimazidziwa, sizinalowerepo kumaso. Zimadzera kuseri kwa bafa, pamene panagwa mpanda wa udzu chaka chija cha namondwe Freddy. Muizenberg yathu ili pamenepo. Ndatumiza pa Mukuru ndalama ya waya ndi misomali, mutsekepo. Yotsalayo mugule zingwe zitatu mukawapatse anebawo mwaulemu, munene kuti ndi mphatso yochokera ku Joni.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete lawo libwera ndi basi ya mwezi wamawa. Mnyamata wa kwa amfumu akamabwerera kuno mumupatsire usipa ndi ufa woyera pang'ono, wa kunowu nsima yake sikhalitsa m'mimba.

Ndine mng'ono wanu,
mlonda wa maluwa ku Cape Town