Mtengo ku Inbox: Malangizo kwa Amalonda a pa Foni

Masiku ano aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo ya WhatsApp ndi mwini sitolo. Lendi palibe, wosesa pakhomo safunika. Chatsala n'kuphunzira mmene akatswiri amachitira, kuti nanunso geni yanu ikule mpaka kasitomala womaliza athawe.

Lamulo loyamba: mtengo ndi chinsinsi cha m'banja. Ikani chithunzi cha nsapato pa Facebook, wina akafunsa kuti "ndi zingati?", muuzeni kuti "ku inbox". Akafunsa anthu 40, yankhani ka 40, osatopa. Ku inbox kuja musapupulume, yambani mwaona zithunzi zake. Ngati anajambulitsa atatsamira galimoto, nsapato yakwera. Ngati anajambulitsa ali pa kabaza, adikire kaye. Mayi wa tomato mumsika wa Limbe amatchula mtengo wa mulu aliyense akumva, koma iye za intaneti sazidziwa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalo limati wogulitsa azionetsa mitengo poyera, koma inu si wogulitsa wamba. Ndinu CEO, munadzilemba nokha.

Lachiwiri: chithunzi chisafanane ndi katundu. Diresi ya mu belo yanu ya kaunjika musaijambule, ili ndi makwinya. Tapani pa intaneti chithunzi cha mtsikana wa ku London atavala yonga yomweyo. Kasitomala akalandira n'kupeza kuti yofiira ija yasanduka yabulauni, zipi ikuthera pakati, muuzeni kuti vuto ndi foni yake. Mukakakamizika kujambula nokha, jambulani usiku magetsi atazima, pamphasa, chala chanu chachikulu chakuphazi chikusuzumira pakona.

Lachitatu: status ndi yanu, idzazeni. Tsiku lotsegula belo ikani zithunzi 70, timizere tapamwamba paja tisanduke timadontho. Zonsezo zimafufutika pakatha maola 24, ndipo amaziona ndi okhawo amene munasungirana nawo nambala, kutanthauza azakhali anu ndi anzanu akusukulu amene amagula pangongole. Pali WhatsApp Business, yaulere, yomwe inabwera mu 2018. Imalola kuika katundu pamalo amodzi, chilichonse ndi mtengo wake, komanso maola ogwirira ntchito ndi kumene mumapezeka. Musaikhudze, ingakuchepetsereni ntchito.

Lachinayi: musapemphe chilolezo. Gulu limodzi la WhatsApp limatenga anthu 1,024, ndiye bwanji likhale ndi malo? Lowetsani aliyense, abusa ndi alandilodi omwe. Wotuluka mubwezeremoni, mwina dzanja linangoterereka. M'magulu a eni ake namonso musaope. Anthu akusonkha ndalama ya bokosi pa gulu la maliro, inu ponyanipo mawigi. Olira nawo amafuna kutchena.

Malamulo ena ndi achidule. Musanene kumene muli, kasitomala wa ku Mzuzu adziwe atalipira kale kuti muli ku Zomba. Uthenga wa Lolemba muyankhe Lachinayi ndi mawu akuti "yatha". Chithunzi cha yathayo musachichotse.

Tsopano ndalama. Isanalowe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kasitomala ndi "bwana wanga", "madamu", "dear". Ikangolowa, foni ithe moto. Akakupezani mawa, nenani kuti katundu munapatsa kondakitala wa minibasi pa Wenela. Nambala ya galimoto simunalembe, koma ndi yoyera. Inunso mukamagulitsa, khulupirirani aliyense wokutumizirani chithunzi chosonyeza kuti walipira. Chithunzi chotere mwana wa sekondale amachipanga pafoni, uthenga wonama umachokera pa nambala wamba, ndipo njira yodziwira ndi kuona nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Koma kutero n'kukayikira munthu, ndipo ife tinaleredwa bwino.

Kunena mosaseka, zimenezi zimatopetsa. Tikudziwa kuti mitengo sikhazikika. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wopikula amapeza mtengo wina ulendo uliwonse. Koma kusintha nambala pansi pa chithunzi kumatenga mphindi imodzi. Munthu wagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo, akufuna kukupatsani ndalama inanso, inu mukumuyendetsa ngati wadzapempha ngongole. Akufuna zinthu zinayi basi: aone chinthu chenicheni, adziwe mtengo, adziwe kumene muli, mumuyankhe lero. Amene amachita zimenezi sasowa makasitomala, chifukwa wogula wokhutira amapereka nambala yanu kwa mnzake popanda kumupempha.

Tibwerere ku maphunziro. Lamulo lomaliza ndi la tsiku limene geni idzagwe. Musadzadzifunse kalikonse. Anthu a kuno ndi ansanje, sakweza mnzawo, ndipo mwina wina kumudzi wakupondani. Ikani status yokumbutsa adani anu kuti Mulungu sagona, kenako lengezani kuti mwatsegula kalasi yophunzitsa anthu kuchita bizinesi pa intaneti. Malo ndi ochepa, ndipo satifiketi iperekedwa kwa amene amaliza kulipira.