Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale ku Mangalande

Ndimakayika ngati agogo amene anayamba kunena kuti madzi saiwala khwawa anafikako kunyanja yamchere. Khwawa lawo linali lija la kuseri kwa mudzi, louma gwaa kuyambira Meyi mpaka Novembala, limene mphwawo wina wamakani anaumirira kumangamo nyumba. Kumeneko madzi ankabwera kamodzi pachaka kudzaonetsa mwini malo weniweni. Nyanja yamchere ilibe kuleza mtima koteroko. M'magombe ambiri imabwerera kukhwawa kwake kawiri pa tsiku, ndipo sinajombepo.

Wochititsa zonsezi ndi mwezi, umene umakoka madzi a m'nyanja, dzuwa n'kumathandizako pang'ono. Madzi amadzaza, n'kuphwa, n'kudzadzazanso pakatha maola 12 ndi mphindi 25, choncho mawa amafika mochedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50 poyerekeza ndi lero. Koma kuchedwa kwake n'kodziwikiratu, moti akatswiri amasindikiza nthawi za chaka chonse chakacho chisanayambe. Alendo olemekezeka a pamisonkhano yathu akanamatero, bwenzi tikuyamba tadya nsima tisanapite kukawadikirira padzuwa. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukalowa mumdima, umakokera pamodzi ndi dzuwa, ndiye madzi amadzaza mopitirira n'kuphwanso mopitirira. Ku Bay of Fundy, m'dziko la Canada, kusiyana kwake kumafika mamita 16. Boti limene linali kuyandama m'mawa, masana ulipeza lakhala pamatope.

Ife a kumtunda tisaganize kuti sizitikhudza. Padoko la Beira, pamene pamadzera feteleza ndi ena mwa mafuta athu agalimoto, madzi amakwera ndi kutsika mamita oposa 6 pa masiku a mwezi wathunthu, ndipo sitima zikuluzikulu zimadikira kunja mpaka adzaze. Komabe mukakhala pamzere wa petulo musaunamizire mwezi. Za ndalama zakunja iwo suzidziwa.

Chimene ndimaopa ndi tsiku limene munthu wakwathu adzaime pagombe la Beira madzi ataphwa. Adzaona mchenga ndi matope zili yalaa mpaka uko, popanda nyumba, popanda chikwangwani choti malo ano sakugulitsidwa. Adzayamba kuyesa ndi mapazi, n'kufunsa msodzi wodutsa kuti, "Pepani achimwene, amfumu a dera lino amakhala pati?" Pofika madzulo adzakhala ataitanitsa kale njerwa. Musaseke. Nyanja yathu ya Malawi siyendera mwezi motero, imayendera mvula, koma mu 2024 itakwera inalowa m'malo ogona alendo ku Mangochi mpaka m'zipinda. Ena mwa amene anamanga pamchengapo anadabwa ngati kuti nyanjayo yachita kusamukira dzulo.

Makani amenewa si athu okha. Kumpoto chakum'mawa kwa England kuli kachilumba kotchedwa Lindisfarne, kapena Holy Island, kamene amapitako pagalimoto. Msewu wake umadutsa pamchenga, ndipo kawiri pa tsiku nyanja imaumiza wonse. Nthawi zowolokera zinalembedwa pachikwangwani polowera pomwe. Zili pa intaneti. Anthu a m'deralo amachenjeza mpaka kutopa. Koma chaka sichitha osamva kuti wina wamira nayo galimoto.

Taganizirani bambo wofika pamenepo mochedwa, ana ali kumbuyo, mayi akuti tidikire. Akuyang'ana kutsogolo, akuona timadzi tongonyowetsa phula. Akuyang'ana foni, foni ikuti msewu ulipo. Akukumbukira ndalama zimene anagulira galimotoyo, yamatayala akuluakulu, ija imakwera mapiri pa kanema wotsatsa malonda. "Amayi, musadandaule, iyi ndi 4x4." Apa ndiye pagona vuto la munthu wamakono: chikwangwani amachiyesa maganizo chabe a munthu wina, koma mawu a mufoni amawamvera kuposa a mkazi wake. Pakati pa msewu injini ikutsokomola kawiri n'kuzima, madzi amchere akulowera pansi pa chitseko, sokosi zanyowa.

Azungu a kumeneko anawadziwa anthu awo. M'mbali mwa msewuwo anamangamo kanyumba kam'mwamba kokhala ndi makwerero, konga nsanja yolondererapo anyani m'munda, koti amakani azithawiramo podikira opulumutsa anthu panyanja. Ndimawatamanda pamenepa, chifukwa sanataye nthawi n'kuyembekeza kuti munthu adzasintha. Anangomumangira pokhala.

Ndiye muwaone bambo aja ali pansanja, nsapato kumanja, banja lonse lili duu, denga lokha la galimoto likuoneka. Mwana wamkulu watumiza kale vidiyo pa WhatsApp, achibale onse aionera. Ndipo m'thumba la jekete foni ikulankhulabe mwaulemu wake wonse, kuti apitirire kutsogolo makilomita awiri kenako akhotere kumanja.