Ulemu wawo a Beta

Mwezi wa June ukafika, kampani ya Apple imasonkhanitsa akatswiri opanga mapulogalamu n'kuwaonetsa mmene iPhone idzaonekere mu September. Msonkhanowo usanathe n'komwe, pakhomo pamakhala patafika kale akuluakulu ena amene anthu amawalandira ndi manja awiri Lolemba, n'kumawatukwana Lachiwiri. Akuluwo ndi a Beta, pulogalamu yaikulu yoyendetsa foni kapena kompyuta imene eni ake amaitulutsa isanathe kukonzedwa kuti anthu aiyese. Kwa Google nakonso amafika chaka ndi chaka, ndipo kwa Microsoft adachita kumangako nyumba, sachokanso. Mayina amene apatsidwa sindingawalembe pano. Ati amamwa batire, ati amatenthetsa foni m'thumba, ati amameza zithunzi. Zambiri mwa izo n'zoona. Koma munthu wamkulu sazengedwa mlandu popanda womuyankhulira, ndiye lero ndaimirira ine.

Tiyambe ndi chilungamo chawo. Pa zinthu zonse zogulitsidwa ndi zogawidwa pansi pano, a Beta okha ndiwo amadzinenera zoipa zawo musanawalowetse m'nyumba. Amachita kulemba poyera: sindinathe kukonzedwa, ndikhoza kukuonongerani zinthu, musandiike pa foni imene mumadalira, ndipo ngati mwaumirira yambani mwasunga kwina zithunzi ndi manambala anu. Ndi wamalonda uti amene amatero? Munthu amaliona chenjezolo, chala n'kuthamanga mpaka pansi, n'kudina kuti wavomera. Foni ndi imodzi yomweyo, ya kuntchito, ya kubanki, yoimbira akumudzi. Kukacha, pulogalamu ya banki ikangotseguka ikutsekekanso, batire imene imafika madzulo yatha isanakwane 12 koloko, ndipo mwini foni ali kakasi, akufunsa ngati kuli wina amene zikumuchitikiranso. Aliko ambirimbiri, bambo, ndipo onsewo adavomera ngati inu nomwe.

Chosangalatsa n'chakuti mkwiyowo sugwera a Beta okha. Kwa zaka ndithu, anthu oyesa beta ya iOS, pulogalamu yoyendetsa iPhone, ankapita ku App Store kukapereka nyenyezi imodzi kwa mapulogalamu a eni ake osalakwa, mlandu wake woti akukana kuyenda pa chinthu chimene sichidatuluke. Mu July 2015 Apple idachita kutseka khomo, kuti amene ali pa beta asamalembenso maganizo awo kumeneko.

Tsankho nalonso alibe. Pa 20 April 1998, pa chionetsero cha COMDEX ku Chicago, Bill Gates adaima pamaso pa khamu kuonetsa Windows 98 isanatuluke. Wantchito wake, Chris Capossela, adalumikiza sikana kuti anthu aone mmene kompyuta imazindikirira yokha chida chatsopano. Sikirini yonse idasanduka yabuluu. Khamu lidaseka n'kuomba m'manja, Gates n'kunena kuti mwina n'chifukwa chake anali asanayambe kuigulitsa. Amene adachititsa manyazi munthu wolemera kuposa onse pa nthawiyo, angakuopeni inu ndi foni yanu yapangongole?

Koma luso lenileni la a Beta, limene aphunzitsi a zachuma akadayenera kumaliyamba pa tsamba loyamba, lili pa nkhani ya ganyu. Ganyu tonse timamudziwa: mumagwirizana mtengo, ndime ikatha mwini munda amalipira. A Beta adazitembenuza. Waganyu ndiye amabwera ndi khasu lake, amalipira pachipata, amalima usiku wonse, kenako n'kuthokoza mwini munda pomulola kulowa. Pa 13 September 2000 Apple idayamba kugulitsa Mac OS X Public Beta pa mtengo wa madola 29.95. Inali yochedwa, DVD sinkaonetsa, makina osindikizira ambiri sinkawadziwa, ndipo tsiku lake lofera lidali lolembedwa kale, mu May 2001. Anthu adagula, n'kukhala pansi kulembera Apple zolakwika zonse zimene adapeza. Ndinene, poopa kunamizira anthu, kuti yeniyeni itatuluka mu March 2001 ogulawo adawachotserako madola 30 pa mtengo wa 129. Malipiro a waganyu adali mwayi wogula chimanga cha m'munda womwewo motsikirako mtengo.

Pa iPhone zidafika poseketsa. Kwa zaka zambiri beta yoyamba inali ya opanga mapulogalamu okha, amene ankalipira madola 99 pachaka n'kuloledwa kulembetsa zida 100. Padabadwa msika wa katangale. Ena ankagulitsa malo amenewo kwa anthu wamba, madola ochepa pa foni imodzi, mpaka Apple idayamba kuwatsekera maakaunti. Munthu wamutu wake kulipira mobisa kuti foni yake yabwinobwino iyambe kuthima yokha! Mu January 2009 nako, Microsoft idakonza zoti anthu 2.5 miliyoni okha ndiwo atsitse beta ya Windows 7. Tsiku lotsegulira anthu adakhamukira mpaka maseva adagwada, kutsegulirako kudachedwa ndi tsiku lathunthu, malire aja n'kuchotsedwa. Chimene ankalimbiranacho chidali ndi vuto lodula masekondi oyambirira a nyimbo za MP3, ndipo zodulidwazo sizinkabwerera. Ife amene bandulo timagula ya tsiku limodzi timangoonerera patali, pakuti a Beta amalemera magigabayiti angapo ndipo sabwera kamodzi.

Eni ake adaona kuti zili bwino. Mu July 2014 Microsoft idalengeza kuti ichotsa antchito 18,000. Ambiri anali a gawo la mafoni a Nokia limene idali itangogula kumene, koma mwa enawo munali anthu amene ntchito yawo yolipidwa inali kuyesa Windows. Pa 1 October chaka chomwecho idatsegula Windows Insider, kuitana aliyense wofuna kuti adzayese Windows 10 mwaulere, ndipo pofika 2017 olembetsa adapitirira 10 miliyoni. Sindikunena kuti china chidabala chinzake. Ndikungoyamikira mmene masikuwo adatsatanirana.

Musaganize kuti anthu onsewa amabwerera chimanjamanja. A Beta amalipira ndi chinthu chosowa kwambiri masiku ano, kukoma kodandaula n'kumvedwa. Mac OS X ya 2000 ija idaika chizindikiro cha Apple pakatikati pa mzere wa pamwamba, chongokongoletsa, chosadinika. Anthu a Mac, amene kuyambira 1984 adazolowera kuchipeza pakona ya kumanzere chili ndi ntchito, adalira mokweza, ndipo yeniyeni potuluka chidabwerera pakona pake. Mu 2013 Jony Ive wa ku Apple adabweretsa iOS 7 ya zilembo zoonda zoti munthu aziwerenga atatsinzina diso limodzi. Pofika beta yachitatu zidanenepako. Mu 2021 malo olembapo adiresi ya pa intaneti mu Safari ya pa iPhone adatsitsidwira pansi, anthu n'kubuula mpaka beta yachisanu ndi chimodzi idalola wofuna kuwabwezera pamwamba. Mu 2023 mlandu udali wa batani lofiira lodulira foni, limene lidasunthidwira kumanja n'kubwereranso pakati patapita milungu ingapo. Za 2025 ndiye zidaposa zonse. Maonekedwe atsopano a iOS otchedwa Liquid Glass adapangitsa zinthu kuonekera mkati mpaka zilembo zina kusawerengeka, anthu adadandaula, beta yachitatu idachepetsa kuonekerako, pomwepo gulu lina lidadzuka kuti mwapha kukongola, yachinayi n'kubwezerako pang'ono. Onsewo adagona ali opambana. Njira yake ndi yosavuta: sunthani chinthu chimene palibe adapempha kuti chisunthidwe, dikirani kulira kufike pachimake, chibwezeni, anthu aombe m'manja kuti kampani imamva. Andale ena njirayi amaidziwa, koma a Beta amaichita mwadongosolo, chaka ndi chaka, popanda utsi wokhetsa misozi.

Adani awo a Beta amakonda kutchula Windows 8, ndiye tiyeni tiitchule. Idaperekedwa kwa anthu kuti aiyese pa 29 February 2012, mwambo wake ku Barcelona, ndipo tsiku loyamba lokha idatsitsidwa ka 1 miliyoni. Atatsegula, batani la Start limene lidakhala pakona kuyambira Windows 95 kulibe. M'malo mwake munadzaza matailosi amitundumitundu oyenera chala, pa makompyuta a anthu ogwiritsa ntchito mausi. Anthu amene adakalambira pa kompyuta ankasowa pozimitsira. Adalira miyezi 8 yathunthu. Microsoft idayankha ndi manambala, kuti zimene makompyuta ankatumiza kulikulu zinkaonetsa kuti anthu achepetsa kudina Start. Pa 26 October idatuluka ilibe batani, mu November mkulu wa Windows, Steven Sinofsky, adachoka pa kampani, batani lidabwerera mu October 2013 ndi Windows 8.1, ndipo mndandanda wake wonse udadikira Windows 10 mu July 2015. Pakatipo kampani ina yaing'ono, Stardock, inkagulitsa Start8 pa madola 4.99, kugulitsa kwa anthu batani limene adali nalo kwaulere zaka 17. Tsono mlandu wa a Beta pamenepa ndi uti? Uthenga adaunyamula, adaufikitsa, adaubwereza. Makutu adali a ena.

Umboni waukulu ndausunga dala. Pa 2 October 2018 Microsoft idatulutsa Windows 10 ya mwezi umenewo, yotchedwa 1809. Imeneyi sinali beta ayi. Inali yomalizidwa, yovomerezedwa, yoyenera kompyuta ya agogo anu. Patangopita masiku ochepa anthu ena adapeza kuti zikalata ndi zithunzi zawo za zaka zambiri zasesedwa. Chidachitika n'chakuti munthu akasamutsa foda yake ya Documents kupita malo ena koma mafayilo ena n'kutsalira kwakale, pulogalamuyo inkayesa kuti malo akalewo ndi opanda kanthu, n'kuwafufuta pamodzi ndi zonse za mkati mwake. Sabata isanathe kampani idaimitsa kugawa, ndipo idayambiranso pa 13 November. Idati okhudzidwa anali mmodzi pa 10,000 alionse, chiwerengero chotonthoza kwambiri kwa 9,999 enawo. Tsono mverani izi: oyesa a Insider anali atalinena kale vutoli miyezi ingapo m'mbuyomo, mu Feedback Hub, malo operekera madandaulo. Koma kumeneko dandaulo linkakwera pamwamba malinga ndi mavoti, ndipo dandaulo la munthu mmodzi amene wataya zonse silingapose la anthu mazana okhumudwa ndi mtundu wa kabatani. Lidamira. Pambuyo pake Microsoft idaikamo poti munthu azisonyeza kukula kwa vuto lake. A Beta adachenjeza ndipo adavomera kuti ndi osatha. Amene adafufuta zinthu za anthu ndi mkulu wawo uja wovala taye, amene sadachenjeze munthu.

Chikondi cha a Beta ndiye sichisiya munthu payekha. Pa 30 August 2018 beta ya iOS 12 idayamba kuuza eni mafoni kuti kwatuluka yatsopano, aikemo. Kunalibe yatsopano iliyonse. Koma uthengawo unkabwera munthu akangotsegula foni, aufufute, atseke, atsegule, uli pomwepo, mpaka Apple idatulutsa mankhwala mawa lake. Beta ya Windows 7 nayo, nthawi yake itayandikira kutha, kuyambira pa 1 July 2009 inkazimitsa kompyuta maola awiri alionse. Madokotala akhala akutiuza kuti tiziimirira n'kuongola msana, ife osamva. A Beta adangochita. Ndipo mu June 2023 Apple idachotsa madola 99 aja pa khomo la beta yoyamba, ija yosapsa kwenikweni, kuti aliyense wokhala ndi akaunti alowe. Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere, imufotere yekha.

Kusiyana nawo si nkhani yamasewera. Pa mafoni a Google otchedwa Pixel, wofuna kutuluka beta isanathe amatumiziridwa Android yakale, imene polowa imafufuta zonse za mufoni. Pa iPhone pamafunika kompyuta, chingwe ndi kufufuta komweko, ndipo zimene munthu adasunga ali pa beta sizilowa mu iOS yakale. N'chifukwa chake ambiri amasankha kupirira mpaka September, chaja ili m'thumba, maso ali pakhoma kufunafuna soketi paliponse pamene afika. Pakapita milungu iwiri beta ina ikatuluka amaithamangira usiku womwewo, ndipo pasanathe ola amakhala atalengeza kale kwa anzawo kuti ulendo uno batire ikukhalitsa.