Maboti awiri autsa mapiri pachigwa ku Monkey Bay

Mukafika ku Monkey Bay sabata ino, musavutike kufunsa mtengo wa chambo, palibe amene akumvereni. Pakamwa pa aliyense pali maboti awiri oyera amene akhala pa ngolo zawo kufupi ndi gombe. Banja lina la ku Lilongwe likufuna kugulapo limodzi loti lizikwezamo ana pa tchuthi, koma lasowa pogwira. Mukawaonera patali mungati ndi mapasa: kutalika n'kumodzi, mipando n'chimodzimodzi. Kusiyana kuli kunsi ndi kumbuyo. Lina lili ndi mimba yosongoka ndi injini ya four-stroke, linzakelo n'lophwathalala kunsi ndipo injini yake ndi ya two-stroke.

Amayi ogulitsa usipa pamsika mlandu anauweruza kalekale. Iwo akuti boti la banja ndi lophwathalalalo, chifukwa likaima silipendama. Agogo angakweremo mtima uli m'malo, ana n'kumasuzumira mbuna ku chilumba cha Thumbi popanda wowagwira malaya. Akutinso limafika mpaka pamchenga, moti munthu amatsika chitenje chili chouma.

Asodzi atamva zimenezi aseka mpaka kugwira nthiti. Akuti amayiwo nyanja amaidziwira pamtunda. Kodi aiwala mwera? Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi ikauka, boti lophwathalala limamenyeka pa mafunde ngati munsi mumtondo, ndipo wokwera amatsika msana uli wa eni. Losongokalo limang'amba funde n'kudutsa, ndipo ndi lomwe lingakubwezeni bwino kuchokera ku chilumba cha Mumbo nyanja ikasintha nkhope masana.

Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango alibe nazo za mimba ya boti, iye maso ali pa injini. Two-stroke amaidziwa ngati chikhatho chake, pakuti ndi mtundu womwewo wa Yamaha Enduro imene asodzi ambiri amakokera chilimira. Ndi yopepuka, zipangizo zake zimapezeka, bola osaiwala kusakaniza oyilo ndi petulo. Koma anyamata a kabaza, amene mizere ya pa filing'i siteshoni amaidziwa bwino, amutsutsa pomwepo. Akuti four-stroke simwa mafuta ambiri, situlutsa utsi wochuluka, ndipo phokoso lake n'lochepa, moti mungamve nkhwazi ikulira boti likuyenda. Makanikoyo wavomera, koma wafunsa kuti ikadzafera ku Cape Maclear tsiku la Khirisimasi, chipangizo chake adzakachitenga kuti.

Ngakhale alamu ake a mwini ndalama alowererapo. Iwo akungofuna lothamanga kwambiri, kuti anthu a pagombe azitembenuka. Mkulu wina amene anakalambira pa Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, wawayankha mofatsa kuti kumpoto nyanja imeneyi imazama mamita 700, ndipo siisankha kuti uyu ndi wa liwiro.

Amene wakhazika anthu chete ndi mayi wa m'banja lija. Pamene abambo amakangana za mphamvu ya injini, iwo anakwera m'maboti onse awiri, n'kuyeza ndi dzanja kutalika kwa m'mbali, kuona ngati mwana wa zaka zinayi sangagwere m'madzi. Anafunsa poika majaketi oyandamitsa a msinkhu wa ana, pomanga chotchinga dzuwa, ndi makwerero oti wosambira abwerere m'boti.

Ine ndili kumbali ya mayiwa ndi mtima wonse. Boti la banja saligula lili pa ngolo. Maboti onse awiri alowe m'madzi masana mphepo itayamba, makaniko ali momwemo, ndipo limene mayi angatsikemo akumwetulira ndilo lipite kunyumba. Akuti kuyesako kuchitika Loweruka, ndipo amayi a usipa alonjeza kale kutseka mabenchi kuti akaonerere.