Masitepe oyenda okha a ku Medellín

Mumzinda wa Medellín, ku Colombia, anthu osauka anamanga nyumba zawo m'mapiri otsetsereka moti ngakhale basi imachita kulira pokwera. Mu 2004 akuluakulu a mzindawo anati ngati pansi pavuta, anthu adutse m'mwamba. Anayambitsa Metrocable, timabokosi tolendewera pachingwe tonyamula anthu a m'dera la Santo Domingo kukawatsitsa pasiteshoni ya sitima. Mu 2011 dera la Comuna 13, lomwe linkatchuka ndi kulira kwa mfuti, linalandira masitepe oyenda okha, aja ena amawaopa pabwalo la ndege.

Cholinga chinali chakuti agogo asamafike pakhomo ali wefuwefu. Mbiri itamveka, alendo akunja anakhamukirako, foni m'manja. Lero agogo aja amayamba adikira kuti mzungu amalize kudzijambula, ndiye akwere. Sadandaula kwenikweni, poti mdzukulu wawo akugulitsa malaya ndi zakumwa pomwepo, wina akuperekeza alendo n'kumawasimbira za zipolopolo zakale pamtengo wogwirizana. Amene akugwira njakata ndi ochita lendi: malandilodi nawonso anamva kuti deralo latukuka.