Wamalonda a Mdima

Popeza mwini hokala wa pakona pathu, munthu amene ndimamuvulira chipewa chifukwa cha kabuku ka ngongole kamene amasunga pansi pa sikelo, wandiuza mosaphethira kuti kandulo yakweranso mtengo, ndipo popeza akuluakulu otigawira magetsi akusungabe mwambo wawo wolonjeza kuwala madzulo ndi kukutumiza pakati pa usiku, pamene ngakhale agalu agona, ine ndatsimikiza mumtima kuti ndileke kung'ung'udza, ndiyambe kupindula. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, muja idatsika ndi 44 peresenti nthawi imodzi, zonse za m'nyumba mwanga zakwera: sopo, mchere, mabatire, ngakhalenso mawu a mayi a kunyumba. Chokhacho chimene chikutifikabe kwaulere, muyeso wotsendereka ndi wosefukira, ndi mdima.

Wonditsegula maso adali mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene sukulu yamuthandiza kufikira pomayankha mafunso amene sindidamufunse. "Malume," adatero, "kodi mukudziwa kuti kunja kuno anthu amalipira ndalama kuti akapeze mdima?" Adandionetsa pa Facebook zithunzi za miyala ikuluikulu ili njo, pamwamba pake Mlalang'amba utayala kuchokera mbali ina ya thambo kufikira inzake, nandifotokozera kuti ku Namibia kuli malo otchedwa NamibRand amene mu 2012 adalandira ulemu wa pa dziko lonse chifukwa cha mdima wake, ndi kuti alendo amakwera ndege kuchokera ku Ulaya, atasenza makamera, kukagona m'chipululu kuti ajambule nyenyezi. Ndidakhala duu. Chuma chimene anzathu amachitchinjiriza ndi malamulo, ife chimatipeza tokha pa khonde tsiku ndi tsiku, ndipo m'malo mochithokoza timachitukwana.

Za miyala ndiye Namalenga sadatimane. Ku Mulanje kuli Sapitwa, wotalika mamita 3,002, ndi thanthwe la Chambe limene okwera mapiri amachita kulibwerera kuchokera kutali. Ku Cape Maclear kuli Mwala wa Mphini. Ku Lilongwe kuli Bunda ndi dazi lake. Ndipo ku Dedza, kumene ndidakwatira, kuli mapiri a Chongoni, okhala ndi malo 127 a zojambula za makolo, amene UNESCO idawalemba m'kaundula wake mu 2006. Miyala ilipo, nyenyezi zilipo, mdima ndiye wosayamba. Chimasowa ndi munthu wa masomphenya, ndipo nditaunguzaunguza m'chipinda chonse ndidapeza kuti munthuyo ndine.

Mphwanga adandilangiza chilangizo chonse, ine ndili chete. Uyenera kudikira mwezi ukhale kumdima. Nyengo yabwino ndi ya chisanu, Juni kapena Julayi, mitambo itachoka, osaka mbewa asanadzaze thambo ndi utsi wa lupsa. Diso la kamera likhale lotsegula masekondi 20 kuti limwe kuwala pang'onopang'ono, koma osapitirira kwambiri, pakuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo ukachedwa nyenyezi zimasanduka timizere. Maso ako a iwe mwini amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere, choncho nyali yoyera ndi yoletsedwa, yofiira yokha ndiyo yololedwa. Koma lamulo loposa onse ndi lakuti kamera isagwedezeke ngakhale pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa chifukwa chimenechi akatswiri amaiika pa chitsulo cha miyendo itatu. Nditamva mtengo wa chitsulocho ndidaseka mwaulemu, pakuti ndidakumbukira kuti nzeru ya miyendo itatu makolo athu adaitulukira kalekale, ndipo imapezeka m'khitchini iliyonse ya kumudzi.

Motero usiku wina wa mu Juni, kumudzi kwa mayi a kunyumba, kuzizira kwa ku Dedza kukulowa mpaka m'mafupa, ndidabwereka mafuwa a apongozi anga mosawadzutsa, poopa kuwasokoneza tulo, ndi kuwasenza limodzilimodzi kufikira patsinde pa thanthwe la kuseri kwa dambo. Ndidakuta tochi ndi jumbo yofiira. Ndidakhazika foni yanga ya galasi long'aluka pakati pa mafuwawo, kamera italoza kumwamba, ndi kuyamba kuwerenga mokweza kuchokera 1 kufikira 20.

Pano ndinene zoona, pakuti mlembi wabodza alibe gawo mu ufumu. Zimene maso anga adaona usiku umenewo palibe wa m'tauni amene angazimvetse pongouzidwa. Thanthwe lidaima lakuda bii, m'mphepete mwake mukuoneka bwino lomwe chifukwa cha kuchuluka kwa nyenyezi kuseri kwake, ndipo Mlalang'amba udadutsa pamutu penipeni ngati ufa wotayikira pa mphasa, wokhala ndi mipata yakuda pakatikati. Akamwiniatsatana sadaoneke, poti nyengo imeneyi amayenda ndi dzuwa, kotero kuti mkamwini wa pantchito usikuwo ndidali ndekha. Chakummwera kudali Mtanda ndi nyenyezi ziwiri zoulozera, ndipo yowala koposa mwa ziwirizo, Alpha Centauri, mphwanga adandiuza kuti kuwala kwake kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi kwa zaka zoposa 4 kuti kudzafike kuno. Kudafika ndithu, pa nthawi yake, popanda chidziwitso chopepesa pa wailesi. Pamene kwathu kuja, kochokera pa mtsinje wa Shire pompa, ulendo woti basi imautha tsiku limodzi, kumasokera m'njira.

Ndili mkati mowerenga ndidamva mapazi, ndipo potembenuka ndidaona alamu anga ndi anyamata ena a m'mudzi, aliyense chibonga m'manja. Ndiyenera kuvomereza kuti mwamuna wobwera, wogwada patsinde pa mwala pakati pa usiku, pamaso pake mafuwa atatu opanda moto, m'manja nyali yofiira, pakamwa manambala, ndi munthu wovuta kumuikira kumbuyo pa bwalo la mfumu. "Alamu," adafunsa modekha, "kodi mukuwerengazo ndi nyenyezi kapena ndi ife?" M'mawa mwake apongozi, amene mwambo suwalola kundilankhula maso ndi maso, adatuma mwana wawo kudzandifunsa ngati phala aphikire pa bondo.

Chithunzi chidatuluka. Ndi chakuda kuyambira pamwamba kufikira pansi, kumanja ndi kumanzere, chopanda banga kapena chilema. Mphwanga akuti foni yanga ilibe mphamvu yotsegula diso nthawi yaitali chotero, ndipo idaphethira ine ndisanafike pa 2. Mayi a kunyumba adachiyang'ana nthawi yaitali nati, "Abambo, kodi si chala chanu chimene chidatseka apa?" Onsewo ndawakhululukira, pakuti ngakhale aneneri ankanyozedwa kwawo. Chimene iwo sakuchiona ndi chakuti mzungu wa ku NamibRand amajambula nyenyezi, zimene ndi zokongoletsa chabe, pamene ine ndajambula katundu weniweniyo.

Ubwino wa chithunzi chimenechi ndi wakuti sichitha ntchito. Ndikachiimika, ndi Sapitwa pakati pa usiku. Ndikachigoneka cham'mbali, ndi Mwala wa Mphini mwezi usanatuluke. Ndikachizondotsa, ndi Chingwe's Hole pa phiri la Zomba, poyang'ana pansi. Kwa abusa ndidzachigulitsa monga dziko lapansi tsiku loyamba lisanache, kapena mliri wachisanu ndi chinayi wa ku Ejipito, uja wa masiku atatu, ngakhale kuti Farao akadakhala wa dera lathu lino akadangofunsa kuti gulu lake liyatsiridwa liti. Kwa aphunzitsi anzanga opuma ntchito chidzatchedwa Tsogolo la Penshoni. Kwa mwini hokala ndidzachipereka chaulere, chitalembedwa kuti Mkati mwa Chikwama Changa, kuti achikhome pamwamba pa sikelo, aleke kundifunsa mafunso pamaso pa ana.

Komatu mlendo wa kamera uja mdima amachita kuusankha, ndipo akakhuta nawo amabwerera ku chipinda chowala kukasamba madzi otentha. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zoposa theka zinkadalira tochi ya mabatire. Mtsikana wa Sitandade 8 amene amawerenga mayeso ndi tochi yofooka, kufikira zilembo zitasungunuka pamaso pake, sadasankhe kanthu. Ngakhalenso mzamba amene amaluma foni ndi mano kuti manja onse awiri alandire mwana. Dziko limene lidalandira ufulu mu 1964 lidayenera kukhala litachita manyazi kalekale ndi zimenezi, ndipo nyenyezi, kukongola konse kuja, sizidaphunzitsepo mwana long division.

Chionetsero cha chithunzi changachi chachedwa pang'ono. Mnyamata wotsuka zithunzi pamsika adachiyang'ana nanena kuti chakuda chotere chimamaliza inki ya sabata yathunthu, choncho mtengo wake ndi wowirikiza, ndipo ndalama ikhale patsogolo. Podikira kuti ndipeze wondikongoza, onse ofuna kuona ntchito yanga asavutike ndi ulendo. Khalani pamene mulipo, tsinzinani zolimba, muwerenge kufikira 20. Amene mwaona Mulanje mulipire mtengo wonse; a Bunda, poti ndi phiri lalifupi, theka. Ndalama mutumize pa foni, koma masana, pakuti madzulo imakhala yothima.